Madzi M'kamwa mwa Mayi Wailesi

Pa sukulu yonse panalibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Ana, makolo, ngakhale ahedi akaiwala ulemu, onse ankangoti Mayi Wailesi. Dzinali silinali lachipongwe, linali loona basi. Mayiwa ankayamba kuyankhula akulowa pa geti m'mawa, kupatsa moni mlonda, kudzudzula mwana wosapesa, kufunsa za chifuwa cha mayi wogulitsa nthochi, ndipo pakamwa pankapuma pokhapokha akamamwa madzi. Eni akewo dzinali ankalikonda. Ankati wailesi yozima ndi bokosi chabe.

Ankaphunzitsa kalasi yoyamba, ija ya tiana tobwera mamina ali chuu, tosadziwa kuti pensulo imalemba mbali iti. Anakhala m'chipinda chomwecho zaka zambiri moti chitseko chake chinkawadziwa: ena onse chinkawakanira, iwo ankangochigunda ndi chiuno n'kutseguka. M'katimo munali madesiki aatali osakwanira ana onse, bolodi lotuwa pakati, ndi kabati yopendekeka yomwe ankasungamo choko, dasitala ndi nsapato zovala miyendo ikatupa. Makoma onse anali matchati okhaokha olemba okha ndi dzanja.

Kalasi imeneyi inali yotchuka. Alendo akabwera, ahedi ankawatengera komweko asanawapatse ndi mpando womwe. Mayi Wailesi ankaima pambali pa bolodi, kandodo kolozera kali m'manja, ndipo ana ankawerenga osaphunthwa ngakhale pamodzi. Woposa onse anali kamtsikana kena kokhala kutsogolo penipeni, mwana wa telala wa pafupi ndi msika. Anzake ankamutcha Kamaso, chifukwa aphunzitsi akangoima kutsogolo iye maso ankangoti tong'o osaphethira.

Vuto linali khomo lotsatira. Kalasi yachiwiri inkaphunzitsidwa ndi alamu awo, mng'ono wa amuna awo, munthu wowonda amene ana ankamutcha a Jekete chifukwa sankaivula ngakhale dzuwa liswe mtengo. Awiriwa sankadutsana osaponyerana mawu.

"Alamu," a Jekete ankatero ataima pakhomo, "ana mumandipatsa chaka ndi chakawa nzeru amazisiya kwanuko. Ndikawapatsa buku amangoyang'ana ine, ngati mawuwo alembedwa pamphumi panga."

"Kwanga amachoka ali akuthwa," Mayi Wailesi ankayankha. "Mufufuze amene amawabunthitsa. Mwina ndi jeketeyo, amaona ngati mwabwera kudzawabaya jakisoni."

Dandaulo limeneli silinali la pachilamu pokha. M'masukulu onse oyandikana nkhani inali yomweyo: ana akufika kalasi yachinayi osatha kuwerenga chikwangwani cha pa chimbudzi. A kalasi yachinayi ankaloza a yachitatu, a yachitatu n'kuloza a yachiwiri, a yachiwiri n'kuloza a yoyamba. A yoyamba, posowa wina pansi pawo, ankaloza makolo, ndipo makolo ankaloza mafoni. Chala chinkangozungulira, mwana ali pomwepo.

Amene anatopa nazo koyamba anali Mayi Wailesi. Anati mutu umodzi susenza denga, anavala nsapato za m'kabati zija, n'kuyendera masukulu onsewo wapansi. Ahedi a kumeneko anavomera msanga, ena chifukwa choona nzeru, ena pofuna kuti mayiwa atuluke mu ofesi. Motero kunabadwa kagulu ka aphunzitsi a makalasi aang'ono. Ankakumana Lachisanu masana ana akaweruka, m'kalasi mwa Mayi Wailesi, atadzipanikiza m'madesiki a ana, mawondo akugunda zibwano. Ankabwera ndi fulasiki ya tiyi, buledi ndi makatoni opempha ku magolosale. Ankadula makatoniwo n'kulembapo malembo, kuphunzitsana nyimbo, ndi kukangana mpaka mitsempha kutuluka m'khosi pa nkhani yakuti mwana ayambe kudziwa dzina la lembo kapena liwu lake. Wapampando sanachite kusankhidwa, aliyense anangoona kuti ndi ndani.

Patapita milungu ingapo makatoni anachuluka, koma ana sanasinthe. Apa Mayi Wailesi anabwera ndi ganizo lina.

"Anzanga, kudula makatoni tadula. Tsopano tiziyenderana m'makalasi, tione zimene zimachitika chitseko chikatsekedwa. Koma pakhale malamulo. Loyamba, mphunzitsi tisamamuyang'ane, tingamuchititse manyazi. Aliyense asankhe mwana mmodzi, aziona maso ake, pakamwa pake ndi chala chake. Lachiwiri, pokambirana pambuyo pake, woyenderedwayo asayankhe kanthu mpaka tiyi wake atatha m'kapu."

Onse anaombera m'manja. Atafunsa woyamba kuyenderedwa, aliyense anapeza choyang'ana pansi pa desiki.

"Chabwino, yambani ndi ine," anatero Mayi Wailesi. Kunena zoona, mumtima anali atakonza kale nkhope yolandirira mayamiko.

Sabata yomweyo, akudutsa pa msika, telala uja anawakodola. Anali mayi wofatsa, tepi yoyezera ili m'khosi, akupalasa makina pa khonde la shopu.

"Madamu, pepani ndakuimitsani. Mumandiuza kuti mwana wangayu amawerenga, ndipo ine ndimanyadira. Koma kunyumba ndikamupatsa paketi ya sopo amangoitembenuza. Ngakhale mawu amodzi osatuluka."

"Manyazi amenewo, mayi. Ana anzeru amatero. Teremu ino isanathe adzakuwerengerani nyuzipepala yonse mpaka tsamba la mpira. Ndalonjeza ine."

Telala anathokoza n'kubwerera ku makina ake. Nkhope yake sinaoneke yokhutira, koma Mayi Wailesi anali atayamba kale kucheza ndi wogulitsa tomato.

Tsiku loyenderedwa linafika. Aphunzitsi anzawo anandanda m'mbali mwa makoma, ena anakhala pa mawindo. Phunziro linayenda ngati nyimbo. Mayi Wailesi akaloza, ana ankayankha. Kamaso anaimirira n'kuwerenga mizere yonse ya pa bolodi osapumira. Ana atatuluka, mayiwa anadzithirira tiyi wodzadza kapu, n'kukhala pa mpando wawo akumwetulira.

Mayamiko anabweradi. Wina anayamikira nyimbo, wina matchati. Kenako amene anayankhula anali mphunzitsi wamng'ono pa onse, mtsikana wa ku sukulu ya kuseri kwa msika, amene ankamutcha Kakoleji chifukwa anali atangomaliza kumene maphunziro.

"Ine ndinasankha kamtsikana ka kutsogolo kaja," anatero akupotokola zala. "Kawerenga bwino kwambiri. Koma bolodi sikanaliyang'ane ngakhale kamodzi."

"Wanganso chimodzimodzi," anatero wina.

"Wanga anayamba wayang'ana pa bolodi, kenako anaona kuti akutsalira, nayenso anasiya."

A Jekete anakonza kolala, chimwemwe chikuchita kuoneka m'makutu. "Alamu, ana onsewa amayang'ana pakamwa panu. Mukaloza mawu, milomo yanu imayamba kuwaumba mwakachetechete mwana asanatsegule kukamwa. Chonchi." Anatukula milomo n'kuipinda ngati nsomba. "Amene amawerenga m'kalasi muno ndinu nokha. Anawa amangokuikirani mawu."

Mayi Wailesi anayang'ana kapu yawo. Inali yodzadza, nthunzi ikufuka. Lamulo analipanga okha. Anainyamula n'kuigugudiza yonse, tiyi akuwaotcha kuyambira pa lilime mpaka m'mimba, misozi ikulengeza.

"Bodza," anatero ataika kapu pansi, lilime litalemera.

"Wakutsina khutu ndi mnansi, alamu."

"Mnansi amatsina, sazula khutu lonse."

Anthu anaseka, iwonso anaseka nawo, n'kunena kuti mutu waukulu sulewa nkhonya. Koma popita kunyumba anadutsa pa msika osapatsa moni aliyense, moti wogulitsa tomato anafunsa ngati kwagwa zovuta.

Kunyumba anapeza amuna awo atakhala pa khonde akusoka lamba wa chikwama. Anali dalaivala wa basi, munthu wa mawu ochepa, kaya mwachibadwa kaya chifukwa chosowa mpata. Mwana wawo wamkazi wa ku sekondale ankasita yunifolomu pa tebulo. Mayi Wailesi anafotokoza zonse, n'kumaliza ndi kunena kuti alamu awo aja afika powachitira chipongwe.

Bambowo anaika singano pansi. "Mayi a ana, mwangodziwa lero?"

"Kudziwa chiyani?"

"Pa ukwati wathu, abusa atandiuza kuti ndinene malonjezo, ndinaiwala zonse ndi mantha. Ndinangoyang'ana pakamwa panu. Munandinenetsa kuyambira poyamba mpaka pa ameni. Mpaka lero sindidziwa kuti ndinalonjeza zotani."

Mtsikana uja anaika simbi pansi kuti aseke bwino. "Amayi, ine ndikamapempherera chakudya ndimatsegula diso limodzi. Mumakhala mwandiyambira kale."

"Nonse mwagwirizana ndi alamu."

"Sitinagwirizane," anatero bambowo. "Ndi chifundo chanu. Simutha kuona munthu akuvutika kufuna mawu inu muli nawo."

Lolemba m'mawa Mayi Wailesi anaganiza zowatsutsa onse. Analemba pa bolodi mawu atsopano, osavuta, a malembo omwe ana anawaimba chaka chonse. Anaitana Kamaso, n'kuloza ndi kandodo, koma nkhope anaitembenuzira ku windo.

M'kalasi munangoti zii. Ankamva mpira ukudunda ku bwalo ndi a Jekete akutsokomola kuseri kwa khoma. Anadikira. Kenako anamva timapazi tikuyenda, ndipo Kamaso anatulukira kutsogolo kwawo, atazungulira tebulo, khosi atalitukula.

"Madamu, tembenukani. Sindikuona mawu."

Mawu amenewo anawalasa Mayi Wailesi. Sanali manyazi okha ayi, chinali chisoni. Mwanayu anali wanzeru zedi, moti anaphunzira yekha kuwerenga milomo ya munthu, chinthu chovuta kuposa buku. Chaka chonse anakhala akuwerenga mokhulupirika, kungoti ankawerenga tsamba lolakwika, ndipo amene anamutsegulira tsambalo anali iwo. Teremu ikatha adzapita khomo lotsatira ali chimanjamanja, ndipo mayi ake anali atalonjezedwa.

Lachisanu lotsatira anafuna kudwala, koma msonkhano unkachitikira m'kalasi mwawo ndipo makiyi anali nawo iwo. Anapita. Anafotokoza zimene Kamaso ananena, osachotsera, ndipo ulendo uno palibe anaseka.

Kuseka kunabwera m'milungu yotsatira, kuyenderana kutapitirira. Atapita kwa Kakoleji anapeza kuti mwana akamayandikira yankho lolondola nsidze zake zimakwera, akamasochera zimatsika, moti ana ankangoyesa mawu uku akuonera nsidze. Mphunzitsi wina wachikulire, amene anatsala pang'ono kupuma pa ntchito, ankagogoda bolodi mwamphamvu kandodo kakafika pa yankho. Koma tsiku limene Mayi Wailesi anamwa wamkaka ndi limene anayendera kalasi yachiwiri. Anasankha kamnyamata ka pakona, ndipo sipanatenge nthawi kuti aone kuti maso ake ali pa batani la jekete. Mwana akalakwa, dzanja la aphunzitsi linkapita pa batani. Akakonza, linkachoka.

"Imwani tiyi wanu, alamu," anatero masana amenewo mokoma mtima. "Musafulumire, ngwotentha. Ndili ndi zambiri."

"Ndiye kuti tonsefe," anatero wachikulire uja akupukuta misozi ya kuseka, "takhala anyani osekana zikundu."

Anagwirizana zoyambiranso pansi. Ana aziphunzira liwu la lembo lililonse, kenako aziphatikiza okha, chala chili pansi pa lembo. Kuwerenga kwa chigulu, kumene waulesi amabisala m'mawu a anzake, kuchepe. Ana azikhala m'timagulu ndi makadi a makatoni aja, mphunzitsi azimvetsera mmodzimmodzi. Ndipo chachikulu, mwana akakakamira, mphunzitsi adikire. Aliyense anapatsidwanso mankhwala a matenda ake. Wachikulire analandidwa kandodo. Kakoleji anauzidwa kuti aziima kumbuyo kwa mwana. A Jekete analamulidwa kuvula jekete pa nthawi ya kuwerenga, ndipo tsiku loyamba ana awo anakhala chete poganiza kuti kwabwera mphunzitsi watsopano.

Matenda a Mayi Wailesi ndi amene anakana mankhwala. Ataima kumbuyo, kalasi yonse inapotoza makosi. Atatseka pakamwa ndi dzanja, mawu ankatulukira m'mipata ya zala ngati kunong'ona. Anayesa kuluma pensulo, koma anapezeka akuyankhula pensulo ili m'kamwa, ndipo ana anaphunzira msanga kumva chinenero chimenechonso.

"Alamu," anatero a Jekete pa msonkhano, "ine ndakudziwani kuyambira tsiku limene achimwene anakubweretsani kwathu. Pakamwa panu pamaima pokhapokha muli madzi. Ndiye muzimwa, koma osameza."

Ananena mwanthabwala, koma gulu linavomereza. Kuyambira pamenepo, pa tebulo la kalasi yoyamba pankakhala kapu ya pulasitiki ndi botolo. Mayi Wailesi ankaphunzitsa liwu la tsikulo ndi mawu awo onse, kuimba, kuvina, kuonetsa mmene lilime limakhalira. Ikafika nthawi yakuti mwana awerenge yekha, ankapapira madzi n'kuwasunga m'kamwa, masaya ali tuu. Tsiku loyamba ana anaseka mpaka ena kugwa m'madesiki. Tsiku lachiwiri mwana wina anakakamira pa lembo losavuta, mayiwa anaiwala, ndipo a kutsogolo ananyowa. Posakhalitsa anawo anazolowera, moti akaona aphunzitsi ayamba kugwedeza milomo ankakumbutsa okha mwaulemu kuti, "Madamu, madzi."

Musaganize kuti zinthu zinakoma nthawi yomweyo. Kalasi yotchuka ija inasanduka ya zibwibwi. M'malo mwa nyimbo yosalala munkamveka ana akubuula malembo, kubwerera, kuyambiranso. Ahedi anasuzumira kamodzi, n'kuyamba kutengera alendo ku dimba la sukulu. Zimenezi zinawawawa Mayi Wailesi kuposa mmene ankaonetsera.

Chodabwitsa n'chakuti ana amene kale ankaoneka ogona ndi amene anayamba kutola msanga, chifukwa analibe choti asiye. Amene anavutika kwambiri anali Kamaso. Mwana amene ankakhala woyamba pa chilichonse tsopano ankaona anzake a kumbuyo akumupitirira. Akaitanidwa ankayang'ana pakamwa pa aphunzitsi, n'kupeza masaya otupa, maso ake n'kudzadza misozi. Anasamuka kutsogolo kuja n'kukakhala pafupi ndi kabati. Kenako anayamba kumva m'mimba m'mawa uliwonse.

Telala anabwera yekha ku sukulu, ulusi uli pa malaya.

"Madamu, mwamutani mwanayu? Kale ankadzuka ine ndisanadzuke. Pano akuti aphunzitsi anasiya kumukonda."

Mayi Wailesi anayankha mosabisa. "Mayi, tsiku lija munanena zoona, ine ndi amene ndinalakwitsa. Mwanayu sankawerenga. Pano ndi pamene akuphunzira, ndipo zikumuwawa. Ndipatseni nthawi mpaka teremu ithe. Ngati alephera, mudzanene kuti ndine wabodza pamaso pa anthu."

"Ine sindifuna kukunenani. Ndikungofuna asadzakhale ngati ine, wopempha anthu kuti andiwerengere za kuchipatala."

Kuyambira tsiku limenelo, nthawi yopuma Mayi Wailesi ankakhala ndi Kamaso pa sitepe ya kalasi, makadi ali pakati pawo. Ankakhala moyandikana, onse kuyang'ana kumodzi, kuti pasakhale nkhope yowerenga. Anamuuza mwanayo kuti madziwo si chilango chake, ndi chilango cha aphunzitsi. Zimenezi zinamusangalatsa pang'ono, moti ndi iye amene ankathira madzi m'kapu, ndipo ankadzadzitsa dala. Masiku ena ankaphatikiza malembo awiri n'kuwala nkhope. Masiku ena ankataya makadi n'kunena kuti malembo ndi oipa mtima. Kangapo konse Mayi Wailesi anafuna kumeza kuti amuthandize kamodzi kokha, koma ankakumbukira wachikulire uja akunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ankabwerera kunyumba nsagwada zikuwawa, ndipo amuna awo ankati m'nyumba mwayamba kumveka wotchi.

Teremu ili pafupi kutha, kagulu kaja kanabweranso ku kalasi yoyamba. Anagwirizana kuti mawu oyesera alembe ndi mlendo, mwini kalasi asawaone n'komwe pasadakhale. Aphunzitsi anandandanso m'makoma. Pa windo la kumapeto panaima telala, amene Mayi Wailesi anamuitana okha, ngakhale m'mawa umenewo ankalakalaka akanapanda kutero.

A Jekete anapita kutsogolo atavala shati yokha. Anayamba ndi mawu afupiafupi, n'kumaitana ana apa ndi apo. Ena anawerenga, ena anakakamira, mmodzi analira. Sizinali zosalala, koma maso onse anali pa bolodi, ndipo Kakoleji ankalephera kuugwira mtima, nsidze zili m'mwamba. Kenako a Jekete anafufuta zonse, n'kulemba mizere iwiri ndi zilembo zikuluzikulu.

"Uyo wa pafupi ndi kabati. Bwera, mwanawe."

Mayi Wailesi anapapira madzi. Anali ataima pambali pa tebulo, pamalo poti bolodi sankaliona bwino, ndipo sanasunthe. Kamaso anayenda pang'onopang'ono. Atafika kutsogolo anawayang'ana, kuyang'ana kuja kwa kale, kopempha. Anapeza masaya otupa. Anapumira m'mwamba ngati munthu wamkulu, n'kutembenukira ku bolodi, n'kuimika chala pansi pa lembo loyamba.

"Ma. Da. Mada. Madamu." Anaima. "A. To. Pa. Madamu atopa."

Wina kumbuyo anafuna kuombera m'manja, wachikulire uja n'kumugwira dzanja. Chala chinatsikira pa mzere wachiwiri, ndipo pamenepo chinaima. Mwanayo anatsegula pakamwa, n'kutseka. Anayambanso, n'kusiya. Tsopano Mayi Wailesi anali atasuzumira n'kuwaona mawuwo, anali pa lilime pawo penipeni, akusambira m'madzimo. Kumeza kamodzi kokha, kugwedeza mlomo pang'ono, mwanayo akanapulumuka pamaso pa mayi ake. Anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri n'kuyang'ana kudenga.

"A. U. Au. Ze. Auze. Auzeni." Mpweya unatuluka. "A. Me. Za." Anakwinya nkhope, n'kubweza chala m'mbuyo yekha popanda womuuza. "Ayi. Ze. Ameze. Ma. Dzi."

Anakhala kaye duu, chala chili pomwepo, milomo ikubwereza mizere yonse iwiri chamumtima. Kenako mapewa ake anayamba kugwedezeka. Anaseka yekha, kalasi yonse isanadziwe chimene chikuseketsa, chifukwa iye yekha ndi amene anamva zimene bolodi likunena. Anatembenuka n'kuwayang'ana aphunzitsi ake m'maso.

"Madamu, akuti mwatopa. Akuti mumeze."

Kalasi inaphulika ndi kuseka. Aphunzitsi a m'makoma anaombera m'manja, ndipo pa windo paja telala anali ataphimba nkhope ndi manja, tepi ikulendewera. Mayi Wailesi anayesa kumeza, koma madziwo anatsika movutikira, ena n'kutulukira m'maso. Anali ndi zambiri zoti amuuze mwanayo. Anatambasula manja kuti amukumbatire.

Koma Kamaso anali atawafulatira kale. Ankakoka shati ya a Jekete, maso ali pa bolodi.

"Lembani ena," anatero.

Mayi Wailesi anatsitsa manja awo pang'onopang'ono. Chaka chonse mwana ameneyu ankawayang'ana ngati kulibenso china choyang'ana pa dziko, ndipo tsopano ankangomuona kunkhongo, timangongo tiwiri ta tsitsi ndi khosi lotukuka. Zinawapweteka, ndipo sanakondwerepo chonchi chiyambire ntchito. Alamu awo anawayang'ana, n'kuwapatsira choko.

Anachilandira, napita pa bolodi, n'kuyamba kulemba. Kumbuyo kwawo kamawu kanayamba kale kutchula lembo loyamba iwo asanamalize lachiwiri.